Usiku wa chisanu, injini ya boti igone m'madzi

Kuyambira mu Novembala mpaka mu Malichi, m'madoko a ku Britain, ku Norway, ku Canada ndi kumpoto kwa America, eni maboti ang'onoang'ono amagona khutu lili ku zanyengo. Akangomva kuti usiku kuzizira kutsika kupitirira madigiri 0, ambiri amathamangira kudoko kukachita zimene nzeru yachibadwa imawauza: kutukula injini yopachika kumbuyo kwa boti kuti ituluke m'madzi ozizirawo. Amaipendeketsa mpaka pulopela ili m'mwamba, ena amaifunditsa kansalu, kenako amabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Maganizo awo ndi omveka. Madzi ndiwo amaundana, ndiye chitsulo chitalikirane ndi madzi. Komabe kwa boti limene lagona pamadzi osaundana, kuchita zimenezi ndi njira yachidule yowonongera injini yodula. Mfundo yanga ndi yakuti pa usiku wotere injini imatetezeka ikakhala chilili, mwendo wake uli m'madzi, chifukwa chimene chimaiphwanya ndi timadzi totsalira m'kati mwake. Amene wamvetsa kumene timadziti timabisala, ndi mmene tingatulukire, wateteza injini yake kuposa amene wagula mabulangete ndi mahita.

Tiyambe ndi khalidwe la madzi enieniwo. Zinthu zambiri zikazizira zimafinyikira pamodzi n'kutenga malo ochepa, koma madzi akaundana amafufuma, ndipo amafuna malo ochuluka ndi pafupifupi magawo 9 pa 100 alionse. Aliyense amene anaiwalapo botolo lagalasi lodzaza madzi m'firiji yozizira kwambiri akudziwa zimene anapeza mmawa. Zimene zimachitikira botolo ndi zomwenso zimachitikira injini. Mutu wa injini ndi giyabokosi yake amaziumba ndi aluminiyamu wosungunula, chitsulo chopepuka chimene sichitamuka, moti madzi akaundana m'kanjira kopanda potulukira, chitsulocho chimang'aluka basi. Sipafunikanso madzi ambiri, theka la kapu likakhala pamalo olakwika lakwana. Chopweteka n'chakuti mng'alu wake nthawi zambiri suoneka ndi maso, umabisala pansi pa penti kapena m'kati mwenimweni. Mwini amadzauzindikira patapita miyezi, oyilo atayamba kudontha, magiya atayamba kulira, kapena madzi atalowa m'masilinda. Pofika nthawiyo usiku umene unabweretsa vutolo anauiwala kalekale, ndipo mlandu amausenzetsa makaniko kapena kampani imene inapanga injiniyo.

Mmene injini imamwera madzi

Injini ya galimoto imayenda ndi madzi ake omwewo, otsekeredwa mu rediyeta, amene kumayiko ozizira amawathira mankhwala oletsa kuundana. Injini yopachika kumbuyo kwa boti ilibe rediyeta. Imamwa madzi a m'nyanja momwe ikuyendamo, n'kuwalavulanso. M'mbali mwa giyabokosi, chakutsogolo kwa pulopela, muli timabowo totchingidwa ndi kasefa, ndipo madzi amalowera pamenepo. Pamwamba pa giyabokosi pali pampu, m'kati mwake muli impela, kagudumu kamphira ka mapiko ofewa kamene kamazungulira limodzi ndi shafuti yochokera kumutu. Impela imakankhira madzi m'kapaipi kokwera ndi mwendo wonse mpaka kumutu, kumene amazungulira masilinda n'kutenga kutentha. Akatero ambiri amatsika limodzi ndi utsi n'kutulukira pakati pa pulopela, ndipo ochepa amatuluka ngati kamzere kopopera kumbuyo, kamene woyendetsa amayang'ana kuti adziwe ngati pampu ikugwira ntchito. Njira yonseyi inakonzedwa motsetsereka. Injini ikazima ili chilili, madzi onse a kumutu amatsika okha n'kutuluka pa timabowo timene anasiyira ntchito imeneyi, ndipo pakapita mphindi zingapo mutu umakhala wopanda madzi oti n'kuundana.

Sizinangochitika mwangozi kuti injinizi zizikhetsa madzi zokha. Makampani amene anazitchukitsa anabadwira kumalo kumene chisanu chimalamulira miyezi ingapo pa chaka. Ole Evinrude, amene anabadwira ku Norway, anayamba kugulitsa injini yake mu 1909 ku Milwaukee, m'chigawo cha Wisconsin, m'mphepete mwa Lake Michigan. Kampani ya Mercury, imene Carl Kiekhaefer anayambitsa mu 1939, ili ndi likulu lake ku Fond du Lac m'chigawo chomwecho, pagombe la Lake Winnebago, nyanja imene imaundana mpaka anthu amakayendetsapo magalimoto pokalasa nsomba mu Febuluwale. Anthu oterewa sangapange injini osaganizira za madzi otsalira. Koma luso lawo lonse limadalira chinthu chimodzi, chimene ndi kaimidwe ka injini. Mukaipendeketsa, malo amene anali okwera amasanduka otsika, ndipo timabowo tokhetsera madzi sitikhalanso pansi. Madzi amadikha m'tinjira ta kumutu, m'chikho cha pampu, ndi m'chibowo cha utsi kuseri kwa pulopela. Chibowo chimenechi, injini ikapendekeka, chimayang'ana kumwamba n'kumalandira mvula ndi chipale. Munthu amene wangofika padoko n'kutukula injini nthawi yomweyo, isanakhetse madzi, watsekera madziwo m'chitsulo n'kuwaika pamtetete, pamene mphepo yozizira ikuwomba mbali zonse.

Tsono n'chifukwa chiyani m'madzi muli bwino kuposa m'mwamba? Yankho n'lakuti pa usiku wa chisanu, nyanja ndiyo malo ofundirako pa doko lonse. Madzi amasunga kutentha kwambiri ndipo amachedwa kukutaya, pamene mpweya umazizira mofulumira dzuwa likangolowa, makamaka kumwamba kukakhala kopanda mitambo ndi mphepo itadekha. Pa usiku wotero chitsulo chimene chayang'ana kumwamba chimataya kutentha kwake mwachindunji, mwakuti chikhoza kuzizira kuposa mpweya umene wachizungulira. Madzi amene akadali amadzimadzi, ngati ndi a m'nyanja yopanda mchere, sakhala pansi pa madigiri 0. Amalemera kwambiri akakhala pa madigiri 4, ndiye m'nyengo yozizira madzi ofundirapowo amakhala pansi, ozizira kwambiri ali pamwamba. Madzi amchere a m'nyanja zikuluzikulu amaundana pokhapokha afike pafupifupi madigiri 2 pansi pa 0. Choncho ngati mpweya wafika madigiri 6 pansi pa 0 koma boti likuyandamabe pamadzi osaundana, giyabokosi imene ili m'madzimo ili pamalo ofunda kuposa imene ili lende m'mwamba. Aluminiyamu amatenganso kutentha mosavuta, ndipo kufunda pang'ono kwa madziwo kumakwera ndi mwendo mpaka pa pampu.

Awa si maganizo a anthu ocheza padoko chabe. Mabuku amalangizo amene amabwera ndi injini za Mercury ali ndi ndime yonena za kuyendetsa kapena kusiya boti pamadzi nthawi yozizira kwambiri, ndipo langizo lake ndi lomweli: injini ikhale yotsitsidwa nthawi zonse kuti giyabokosi imire, poopa kuti madzi otsalira angaundane n'kuwononga pampu ndi ziwalo zina. Ndimeyi imawerengedwa ndi ochepa, chifukwa ambiri amagula boti m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, ndipo buku amaliponya m'kabati. Lamulo lomweli limagwiranso ntchito boti likatulutsidwa m'madzi n'kukwezedwa pangolo. Paulendo wa pamsewu injini imatukulidwa kuti isagunde pansi, koma boti lisananyamuke, komanso likangofika kunyumba, iyenera kutsitsidwa kuti iime chilili mpaka madzi aleke kudontha. Timabowo tokhetsera madzi nato timafuna diso, chifukwa mchenga, matope ndi mchere zimatitseka pang'onopang'ono, ndipo kabowo kotsekeka kamasandutsa injini yoima bwino kukhala yosunga madzi.

Madzi obisala mu oyilo

Pali malo amodzi amene kutsitsa injini sikungawakhetse, ndipo ndi amene amawononga ndalama zambiri. Giyabokosi ndi chipinda chotsekedwa, chodzaza ndi oyilo wamagiya, ndipo pamene shafuti ya pulopela imatulukira pali timphira totseka kuti oyilo asatuluke ndi kuti madzi asalowe. Mdani wa timphirati ndi twaini wa asodzi. Twaini wotayidwa m'madzi akakoledwa ndi pulopela amadzizenga kuseri kwake, kumene diso silifika, n'kumacheka kamphirako pang'onopang'ono mpaka madzi atayamba kulowa. M'chilimwe injini imayendabe, mwini osadziwa kanthu. Koma madzi ndi olemera kuposa oyilo, ndipo injini ikakhala nthawi osagwira ntchito amapatukana n'kutsikira pansi. Ngati giyabokosi yoteroyo ili m'mwamba pa usiku wa chisanu, madziwo amaundana m'chipinda chopanda potulukira, ndipo chitsulo chimang'ambika. Apa n'pamene tikuona phindu lina la kusiya mwendo m'madzi, komanso malire ake: kutsitsa injini kumangobisa vutoli kwa kanthawi, koma kulichotsa kumafuna sikuludiraiva ndi botolo la oyilo watsopano.

Ntchito yake ndi yaing'ono, koma imachitika boti lili kumtunda, nyengo yozizira isanafike. Pa giyabokosi pali timabawuti tiwiri, kena m'munsi, kena chakumtunda. Makaniko amaimika injini chilili, amatchera beseni, n'kumasula kam'munsi. Zimene zimayamba kutuluka ndizo zimanena zoona. Oyilo wabwino amakhala wosadetsedwa ngati ali watsopano kapena wakuda pang'ono ngati wagwira ntchito, koma osasintha maonekedwe ake a mafuta. Akatuluka wotuwa, wooneka ngati wasakanizidwa ndi mkaka, kapena madontho a madzi enieni akatsogola, ndiye kuti timphira tadyeka ndipo tiyenera kusinthidwa. Pa injini zambiri kabawuti kam'munsi kamakhala ndi maginito kunsonga, ndipo tizitsulo timene tamatirirapo timasonyeza mmene magiya akudyekera. Oyilo watsopano amapopedwa kuchokera pabowo la m'munsi mpaka atatulukira pa lakumtunda, kuti mpweya usatsekeredwe m'kati, ndipo timawashala ta pa timabawuti timasinthidwa. Pomwepo pulopela amaichotsa, twaini amamuzengulula, shafuti amaipaka girisi. Ntchito yosakwana ola limodzi imeneyi ndiyo imasiyanitsa injini imene idzafike chilimwe ili bwino ndi imene idzafune giyabokosi yatsopano.

Zimene otsutsa amanena

Otsutsa oyamba ndi anthu odziwa nyanja, ndipo mawu awo ali ndi mutu. Iwo amati injini imatukulidwa pa chifukwa chomveka: chitsulo chikakhalitsa m'madzi chimamera ndere ndi tinkhono, ndipo m'madzi amchere chimadyeka chifukwa cha kamphamvu kamagetsi kamene kamayenda pakati pa zitsulo zosiyana, monga aluminiyamu wa mwendo ndi chitsulo cha shafuti kapena pulopela. Zonsezi n'zoona, ndipo m'miyezi yotentha kutukula injini ndiye mwambo wabwino. Koma tiyeze zoopsa ziwirizi pa sikelo imodzi. Kudyeka kwa chitsulo ndi ntchito ya miyezi, ndipo opanga injini anakukonzekera pomanga tizidutswa ta zinki, aluminiyamu wapadera kapena maginiziyamu pamwendo, timene timadyeka m'malo mwa injini ndipo timasinthidwa pa mtengo wochepa. Ndere ndi tinkhono nazo zimakula mochedwa madzi akazizira. Kuundana kumangofuna usiku umodzi, ndipo zimene kwawononga sizikonzeka ndi bulashi. Walira mvula walira matope: amene wasankha kusiya boti pamadzi m'nyengo yozizira wavomera ntchito yoyang'ana tizidutswa tija ndi kukwecha mwendo nthawi ndi nthawi. Imeneyo ndi ntchito yopepuka poyerekeza ndi kugula mutu wa injini.

Otsutsa achiwiri amafunsa kuti, nanga nyanjayo ikaundana? Funsoli ndi lofunika kwambiri, chifukwa ndilo limaika malire pa mfundo yonseyi. Kutsitsa injini kumathandiza pamene mpweya uli pansi pa madigiri 0 koma madzi ozungulira boti akadali amadzimadzi. Pamwamba pa nyanja pakayamba kuundana, nkhani yasintha. Madzi amene ali m'kati mwa mwendo, pa msinkhu umodzi ndi a kunja, amaundana nawonso n'kutseka njira yopita kumutu, ndipo ayezi wa kunja amagwira mwendo n'kumaufinya kapena kuukankha mphepo ikamusuntha. Mabuku a Mercury aja amanenanso zimenezi: ngati pali chiopsezo choti pamwamba pa madzi paundana, injini ichotsedwe n'kukhetsedwa madzi onse. Ndiye chifukwa chake ku Great Lakes ndi m'mphepete mwa nyanja ya Baltic maboti ambiri amatulutsidwa m'madzi dzinja lawo lisanafike pachimake. Amene amawasiya pamadzi amadalira makina omizidwa pansi pa doko, opopa mpweya kapena ozunguza madzi, amene amakweza madzi ofundirapo a pansi aja kuti pamwamba pasagwirane. Makinawa amagwira ntchito ngati pansi pali madzi akuya mokwanira ndipo magetsi sanazime.

Palinso madoko amene madzi amaphwera nyanja ikabwerera, monga ambiri a m'mphepete mwa Britain, kumene boti limakhala pamatope kawiri pa tsiku. Kumeneko injini yotsitsidwa ikhoza kugunda pansi n'kusenza kulemera kwa boti, ndiye kuitukula n'kosapeweka. Ngakhale pamenepo mfundo ija sinagwe, yangosintha njira. Injini iyambe yaima chilili kwa mphindi zingapo itazimitsidwa kuti mutu ukhetse madzi, kenako itukulidwe, ndipo chibowo cha pakati pa pulopela chitchingidwe kuti mvula isalowe, ndi chotchingira chimene sichisunga madzi m'kati. Ngati injini ndi yaing'ono yoti munthu n'kuinyamula, njira yabwino koposa ndi kuimasula n'kupita nayo kunyumba. Kumeneko iimikidwe chilili. Ngati iyenera kugonekedwa, mutu usakhale pansi kuposa mwendo, chifukwa madzi otsalira angabwerere kudzera m'njira ya utsi n'kulowa m'masilinda, ndipo injini zokhala ndi oyilo wake m'kati zigonere mbali imene buku lanena.

Otsutsa achitatu ndi amene amakhulupirira kutentha. Amati bwanji osangofunditsa injini bulangete, kuikapo babu loyaka usiku wonse, kapena kusiya hita m'boti? Bulangete silibala kutentha, limangochedwetsa kutayika kwake, ndipo injini imene yazima kwa maola ambiri ilibe kutentha koti n'kusunga. Babu ndi hita zimabweretsa zoopsa ziwiri. Choyamba ndi moto, pamalo pamene pali petulo ndi nthunzi yake, popanda munthu woyang'anira. Chachiwiri n'chakuti magetsi amakonda kuzima pa usiku womwewo umene akufunika kwambiri. Mu Febuluwale 2021 chisanu choopsa chinagwa ku Texas, chigawo chotentha cha kumwera kwa America. Pa 16 Febuluwale ku Dallas kunazizira mpaka madigiri 19 pansi pa 0, ndipo nyumba ndi malo amalonda oposa 4 miliyoni anakhala opanda magetsi, ena kwa masiku angapo. Aliyense amene anaika chikhulupiriro chake pa hita usiku umenewo anatsala padzuwa. Injini yopanda madzi m'kati sifuna magetsi kuti ipulumuke. Mankhwala oletsa kuundana nawo ali ndi malo ake, makamaka pa injini zikuluzikulu zokhala m'kati mwa boti zimene sizikhetsa madzi zokha. Pa injini yopachika kumbuyo amangotsika n'kutayikira m'nyanja, ndipo a mtundu wa m'galimoto, a ethylene glycol, ndi poizoni kwa nyama ndi anthu.

Chizolowezi ndicho chimapweteketsa

Bungwe la eni maboti la ku America, BoatUS, limene limagulitsanso inshulansi, lakhala likuchenjeza kwa zaka zambiri kuti madandaulo ochuluka a injini zosweka ndi chisanu amachokera kuzigawo zofunda, kumene anthu sayembekezera kuzizira. Izi sizodabwitsa. Munthu wa ku Minnesota amadziwa kuti nyanja idzaundana, ndipo amakonzeka nthawi ikadalipo. Amene amapwetekeka ndi wa kumalo kumene chisanu chimabwera mwa apo ndi apo, ngati mmene zinakhalira ku Britain mu Disembala 2010, amene anali Disembala wozizira koposa m'zaka 100, kapenanso kumapeto kwa Febuluwale 2018. Apa mpamene nkhaniyi ikukhudza ife. Pa Nyanja ya Malawi madzi apamwamba amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29 chaka chonse, ndipo msodzi wa usipa ku Msaka, ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay amatukula injini akamakocheza kuti isakhule mchenga. Kwathu kuno ameneyo ndi mwambo wolondola. Koma abale athu amene akukhala ku Britain, ku Ireland kapena m'madera okwera a ku South Africa kumene Juni ndi Julayi amabwera ndi chisanu, akapeza ntchito ya padoko kapena akagula kaboti, amapita ndi manja ozolowera kutukula. Chizolowezi chabwino cha kumalo kofunda chimawononga kumalo kozizira, ndipo mapangano ambiri a inshulansi ya maboti salipira zosweka ndi chisanu ngati mwini sanakonzekere.

Kutsatira madzi kumatifikitsanso ku batire ndi ku thanki ya petulo. Batire lodzaza moto lili ndi asidi wamphamvu amene saundana ngakhale kuzizire kupitirira madigiri 50 pansi pa 0. Likamatha moto, asidiyo amasanduka pafupifupi madzi, ndipo likhoza kuundana pa madigiri ochepa chabe pansi pa 0, n'kufufuma mpaka kusweka. Pa boti lokhala pamadzi limeneli ndi vuto lalikulu, chifukwa batire lomwelo ndilo limayendetsa pampu yotulutsa madzi a mvula, komanso makina otsitsira ndi kutukulira injini. Batire lakufa limatanthauza injini yokakamira m'mwamba pa usiku umene ikufunika kutsika. M'thanki namo madzi amalowa ngati mame, mpweya wachinyezi ukakhudza makoma ozizira a thanki yosadzaza. Petulo wosakaniza ndi ethanol amayamwa chinyezi chimenechi, ndipo chikachuluka, madzi ndi ethanol zimapatukana n'kukhala pansi, pomwe paipi imayamwira. Kuno ku Malawi petulo wotereyu timamudziwa kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol. Ku England, Scotland ndi Wales petulo wa E10 anakhala wa masiku onse mu Sepitembala 2021, ndipo eni maboti akhala akuphunzira kusamala ndi petulo wokhalitsa. Sefa yolekanitsa madzi ndi petulo iyenera kukhuthulidwa chisanu chisanafike, chifukwa madzi a m'kachikho kake nawonso amaundana.

Mmawa wotsatira usiku wozizira ndi pamene anthu ofulumira amawononga zimene usiku unasiya. Ngati m'pampu mwagwira ayezi, mapiko a impela amakhala omatirira kuchitsulo, ndipo kuliza injini kumawathothola. Zidutswa zake zimakwera ndi madzi n'kukatseka tinjira ta kumutu. Ndiye ngati pali chikaiko, injini itsitsidwe m'madzi n'kupatsidwa nthawi kuti isungunuke isanalizidwe. Ikalira, maso akhale pa kamzere ka madzi kaja. Kakapanda kuoneka, injini izimitsidwe pomwepo. N'zotheka kuti kapaipi kakang'ono kotulutsira kamzereko ndiko kokha kaundana pamene pampu ili bwino, koma munthu asayese zimenezo ndi injini yolira, chifukwa impela yozungulira popanda madzi imapsa m'kanthawi kochepa kwambiri, ndipo mutu wopanda madzi umatsatira. Pa chifukwa chomwechi, nzeru imene ena amapereka yoti injini ilizidwe ili kunja kwa madzi kuti ilavule otsalira ndi yoopsa. Kamzere kakaoneka, injini ipatsidwe mphindi zingapo ikulira pang'onopang'ono kuti oyilo wolimba ndi kuzizira afike paliponse, kenako ulendo uyambike.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, mwini boti ali ndi mafunso awiri okha oti adzifunse dzuwa lisanalowe. Loyamba: kodi madzi ozungulira boti langa akhala osaundana usiku uno? Ngati yankho ndi inde, injini itsitsidwe mpaka giyabokosi imire, ndipo isiyidwe choncho mpaka chisanu chitadutsa. Ngati yankho ndi ayi, kapena ngati sakutsimikiza, boti kapena injini ituluke m'madzi, iime chilili, ikhetse madzi onse. Lachiwiri: kodi oyilo wamagiya, batire ndi sefa ya petulo ndinaziona nyengo ino isanayambe? Funso limeneli liyenera kuyankhidwa mu Okutobala, chifukwa pa usiku wa chisanu nthawi yake yatha. Oyang'anira madoko ndi ogulitsa injini ali ndi udindo pamenepa. Akamagulitsa injini kapena kupereka malo okocheza, auze ogula ndi pakamwa zimene zalembedwa m'buku lija, makamaka alendo ochokera kumayiko ofunda ndi anthu amene angogula boti lawo loyamba. Kutsitsa injini sikulira ndalama, ndipo kusintha oyilo wamagiya n'kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi giyabokosi yatsopano. Injini zambiri zimene zimasweka m'nyengo yozizira zimasweka m'manja mwa anthu amene ankafuna kuziteteza, ndipo anthu oterewa amangofunika wina wowafotokozera mmene madzi amayendera m'kati mwa injini yawo.